Kodi vuto la mayendedwe mu Harare muno ndi kuchepa kwa mabasi kapena pali china?

Nabanda_wakuBudiriro

Moni abale anga nonse muno. Ndili ndi funso lomwe lakhala likundivuta mumtima, mwina ena mwa inu amene mwakhalitsa mumzinda muno kapena mumagwira ntchito za pamsewu mungandimasulire.

Ine ndinabadwira ku Mufakose koma pano ndikuchita lendi ku Budiriro, ntchito ndimagwira ku Borrowdale panyumba ina pomwe ndimasamalira agogo odwala. Ndimadzuka 4 koloko, kuphikira ana phala, 5 ikamakwana ndili kale pamsewu kudikira kombi, minibasi zathu zija. Ikanditsitsa pa Market Square ndimayenda wapansi kudutsa tauni yonse mpaka pa Fourth Street, apo ndiye ndikwere ina ya ku Borrowdale, ndikatsika ndiyendenso pang'ono. Mmawa bola. Madzulo ndiye kumakhala kulira, makamaka mvula ikangoti yadontha, kombi ya dola imodzi imasanduka dola ndi hafu pena madola awiri ndipo olo ndalamayo uli nayo uyenera kulimbana pachitseko ndi azibambo amphamvu, chikwama chili pamtima kuopa akuba. Sabata yathayi ndinafika kunyumba 9 koloko itadutsa, mwana wanga wamng'ono ndinampeza wagona pampando ndi yunifolomu, homuweki osalemba. Zinandiwawa kwambiri. Ndikawerengera pamwezi, ndalama ya thiransipoti ikutsala pang'ono kufanana ndi ya lendi.

Malemu bambo anga ankakonda kunena kuti kale kunali mabasi a United oyenda ndi nthawi, munthu umatha kutchera wotchi poona basi. Nde ndimadzifunsa, chinalakwika nchani? Mu 2019 boma linabweretsanso mabasi a ZUPCO otsika mtengo, ndi makadi aja a tap, anthu tinasangalala. Nthawi ya Covid makombi analetsedwa, kenako anabwereranso, mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo, ndiye ali ponseponse. Chaka ndi chaka timamva kuti kwabwera mabasi atsopano koma ife okwerafe sitikuona kusintha.

Kodi akagula mabasi ambiri vutoli litha? Kapena pali china chomwe ineyo sindikuchiona? Ndipo nchifukwa chani munthu wochoka ku Budiriro kupita ku Borrowdale kapena ku Msasa akuyenera kulowa kaye mtauni ngati kuti ali ndi zokagula kumeneko? Ndithandizeni maganizo.

Madala_aMufakose

Mwana wanga Nabanda, bambo ako sananame, koma sanakuuze zonse. Ine ndinagwirapo ukondakitala pa mabasi amenewo ndili mnyamata, nde ndikuuze mmene ndinaonera ndi maso angawa. Mundikhululukire ndilemba zambiri, mdzukulu wanga ndi amene wandiphunzitsa kulemba pafoni ndipo ndikayamba sindimaliza msanga.

Choyamba udziwe kuti mzinda uno sanaumangire ifeyo. Unayamba mu 1890 ngati Fort Salisbury, dzina la Harare labwera mu 1982. Azungu anadzitengera kumpoto ndi kummawa, ife anatiika kummwera ndi kumadzulo, kufupi ndi mafakitale a Workington, Southerton, Graniteside, Willowvale. Makolo athu ochokera ku Nyasaland, ena a ku Dedza, ena a ku Ntcheu, ena a ku Mangochi, ambiri ankakhala okha mmahositelo a ku Mbare, nthawi imeneyo tinkati ku Harari, akazi ndi ana ali kumudzi. Munthu wa ku Matapi sankasowa basi kuti akafike ku Graniteside, ankayenda wapansi kapena panjinga. Njinga zinali zambiri zedi mmawa, ngati dzombe. Ku Mabvuku ndi ku Tafara anaikako ambiri ogwira ntchito mmanyumba a azungu a ku Highlands ndi Greendale, nchifukwa chake mpaka lero achewa ndi ayao ndi ambiri kumeneko ndipo gule amavinidwa. Misewu yonse ikuluikulu anaijambula yolowa pakati pa tauni ngati masipoko a njinga. Funso lako lomalizalo yankho lake ndi limeneli. Lokeshoni ina kupita ku lokeshoni ina sanaganizireko, ankangofuna kuti wantchito afike kwa bwana ndi kubwerera.

Kampani ya mabasi inali imodzi, Salisbury United Omnibus Company, pambuyo pake Harare United. Inali ndi chilolezo choti iyo yokha ndiyo izinyamula anthu mumzinda. Basi iliyonse inali ndi nambala ya njira yake ndi nthawi yonyamukira, dalaivala ankalandira malipiro pamwezi ndiye analibe chifukwa chothamangira kapena kudikira kuti idzaze. Nthawi ikakwana imanyamuka olo muli anthu asanu. Mainsipekitala ankakwera mwadzidzidzi kuona matikiti, ukapezeka kuti wadya ndalama ntchito yatha tsiku lomwelo. Kugalaja kunali amakaniko okhazikika, basi ikalowa usiku mmawa ituluka ili bwino.

Koma ufulu utabwera mu 1980 malamulo oletsa anthu kulowa mtauni anatha, mabanja anabwera kudzakhala ndi amuna awo, anthu anachuluka msanga kuposa mabasi. Mtengo wokwerera ankaika ndi boma ndipo sunkakwera mofanana ndi mtengo wa dizilo ndi matayala, ndalama zakunja zogulira masipeyala ndi mabasi atsopano zinkasowa. Nde mizere inayamba kale mwana wanga, mzaka za mma 80 anthu ankaima pa Market Square mpaka mdima. Apo mpamene anavomereza ma ET (emergency taxi), ma Peugeot aja a station wagon omwe anthu ankakhala ndi kubuti komwe miyendo italukanalukana. Mu 1988 boma linatenga magawo 51 pa 100 a kampani ija, ndi ZUPCO imene mukuidziwayi. Kenako nthawi ya ESAP, dongosolo lija la boma lomasula kayendetsedwe ka chuma, mu 1993, anatsegula chitseko kuti aliyense amene ali ndi kombi anyamule anthu. Makombi anatenga njira zonse zodyetsa, zazifupi ndi zodzaza, mabasi akulu anatsala ndi zotsalira, pang'onopang'ono anazimiririka.

Nde ukandifunsa ine, kugula basi si nkhani yovuta, aliyense wandalama atha kugula. Chovuta ndi kuisunga pamsewu zaka khumi, galaja, masipeyala, malipiro a dalaivala, ndi mtengo woti kampani isamayende moluza. Ngati boma likufuna kuti osauka azilipira zochepa, liziika ndalama yothandizirayo poyera mu bajeti chaka chilichonse ndipo izifika nthawi yake kwa eni mabasi. Apo ayi mabasi atsopanowo pakatha zaka zitatu mudzawapeza atakhala pamiyala, matayala atachotsedwa kukaika pa inzake.

Ndipo njanji ija ikudutsa pafupi ndi kwathu kuno, kudzera ku Kambuzuma ndi Rugare mpaka mtauni. Mu 2021 anayendetsako sitima za anthu opita kuntchito, ya ku Mufakose, ya ku Tynwald ndi ya ku Ruwa, koma sizinakhalitse. Zimandipweteka ndikaiona njanjiyo ili chigonere pomwe adzukulu anga akukanganirana mpando wa kadoma, kampando kopanikiza kaja ka kumbuyo kwa dalaivala, mu kombi.

Dalaivala_Phiri_Glenview

Madala mwalankhula zoona, ulemu wanu. Achemwali a Nabanda pepani ndi za mwanayo, inenso ndili ndi ana ndipo amagona ndisanafike. Koma mundilole ndiyankhulepo ngati munthu amene ndimagwira chiwongolero cha kombi tsiku ndi tsiku, chifukwa anthu mumationa ngati zilombo pomwe simudziwa mmene tsiku lathu limayendera.

Kombi si yanga. Mwini wake amafuna ndalama yake yomwe tinagwirizana madzulo aliwonse, timati target, kaya kwagwa mvula kaya msewu watsekedwa kaya ndakhala maola awiri ndagwidwa, iye sizimukhudza. Pamwamba pa target ndithire mafuta, ndimulipire hwindi (kondakitala) wanga, ndipereke ya parenki kwa anyamata olembetsa mzere, zotsala ndiye zanga. Tsiku lina zimatsala, tsiku lina ndimapita kunyumba ndi manja okha. Ndiye mukaona ndikudutsa mbali yolakwika kapena ndikukwera pabwalo la oyenda pansi, sindikunena kuti nzabwino, nzoipa ndithu ndipo anthu afa nazo, koma chimene chikundithamangitsa ndi chimenecho. Madala anena kuti dalaivala wa United ankalandira pamwezi. Ndipatseni malipiro a pamwezi ndi maola odziwika muone ngati ndingathamangenso.

Za mtengo wa madzulo. Mmawa anthu onse akupita mbali imodzi, mtauni. Ndimalowa nditadzaza, pobwerera ku Glen View ndimabwerera ndi anthu atatu kapena opanda ndi mmodzi yemwe. Madzulo chimodzimodzi mozondoka. Ndiye ulendo umodzi wodzaza ukulipirira maulendo awiri. Masana timatsitsa mpaka 50 cents kukuwa mpaka mawu kutha koma anthu kulibe. Ikagwa mvula jamu ya pa Simon Mazorodze kapena Willowvale Road imandidyera ola lathunthu ndi kuposa pa ulendo womwe ndimayenda mphindi 30, mmalo mwa maulendo anayi a madzulo ndimapanga awiri, target ili pomwepo. Nchifukwa chake mtengo umakwera. Sindikuti nzachilungamo kwa inu, ndikungofotokoza komwe zimachokera.

Chinanso, kombi yoyenda mwalamulo imafuna mapepala ambiri, operator's licence, route authority, fitness, inshuwalansi ya okwera, disiki ya parenki, ineyo ndikhale ndi retest, defensive ndi medical. Zonsezo ndi ndalama. Pomwe mnzanga wa Honda Fit kapena Probox alibe ndi chimodzi chomwe, sakulowa murenki, akungoima pakona pa Mbuya Nehanda kapena pa Leopold Takawira kunyamula anthu omwe akanabwera kwa ine. Ine nditsatire lamulo ndikhale pamzere murenki ola lonse, iye wapanga maulendo awiri. Mapeto ake nanenso ndimatuluka kukanyamulira pamsewu, kenako kuthamangitsana ndi apolisi ndi akhonsolo kumayamba, ndipo amene amapweteka ndi mayi wogulitsa tomato mmbali mwa msewu. Ndipo musaiwale kuti mushikashika anachuluka kwambiri nthawi ija ya 2020 pomwe analamula kuti onyamula anthu akhale a ZUPCO okha kapena amene alowa pansi pake. Mabasi sanakwane, anthu anayamba kukwera malole ndi timagalimoto ting'onoting'ono, anzanga ambiri omwe anali madalaivala a makombi analowa kumeneko ndipo olo analolanso makombi mu 2022 sanabwerere.

Ine maganizo anga, musatithamangitse, tiikeni mudongosolo. Pitani ku Bulawayo mukaone, makombi ambiri ali mmabungwe ngati Tshova Mubaiwa ndi BUPTA, kombi iliyonse ikudziwika kuti ndi ya gulu liti ndipo ukataya katundu kapena hwindi akakutukwana uli ndi kokadandaula. Sikuti kulibe mavuto koma bola kusiyana ndi kuno. Muno mabungwe aliponso koma amene sali mbungwe lililonse ndi ambiri, ndipo palibe chimene amataya posalowa.

Nabanda_wakuBudiriro

Achimwene a Phiri zikomo, za kubwerera opanda anthuzo sindinaziganizepo. Komabe chenji chathu muzitipatsa, zomatiphatikiza anthu awiri osadziwana pa dola imodzi kuti tikagawane tokha zija zimatichedwetsa, ine tsiku lina ndinayenda ndi bambo wina mpaka pa Chinhoyi Street kusaka wotisinthira.

Dalaivala_Phiri_Glenview

Apo ndavomera achemwali. Makobidi a dola kulibe, ndalama ya dziko lathu ya ZiG ena amalandira ena amakana ndipo mtengo wosinthira aliyense ali ndi wake. Pakanakhala khadi limodzi logwira pa kombi iliyonse ndi basi iliyonse, nafenso zikanatipepukira, hwindi sakanamabisa ndalama mmasokosi.

MayiGeni_StMarys

Odi muno. Inu a ku Budiriro ndi Glen View mukudandaula, nanga ife a ku Chitungwiza tinene chani? Ine ndimakhala ku St Mary's, geni yanga ndi ya tomato ndi masamba, katundu ndimakapikula ku Mbare Musika ndiye 3 koloko usiku ndimakhala ndadzuka kuti ndikapeze alimi asanamalize kugulitsa. Nthawi imeneyo kulibe basi, umangokwera chilichonse chomwe chaima, ndipo mukudziwa nkhani za anthu oberedwa mmagalimoto osadziwikawa, amakutenga ngati okwera anzako kenako akulanda foni ndi ndalama ya katundu nkukutaya kutchire. Mnzanga wina zinamuchitikira chaka chatha, mpamba wonse unapita, mpaka lero sanadzukenso. Nde mukamakamba za mabasi muzikumbukira kuti mzinda uno umadyetsedwa ndi azimayi oyenda usiku, osati okhawo olowa muofesi 8 koloko.

Chitungwiza ndi tauni yaikulu koma ntchito zambiri zili ku Harare, pafupifupi makilomita 25 kapena 30, ndipo tonse timadalira Seke Road. Za njanji ya Chitungwiza tinayamba kuzimva ndili kamtsikana mzaka za mma 80, pano ndili ndi adzukulu, njanji sinabwere. Sitima zomwe anena Madala zija kwathu sizinafike chifukwa kulibe poyenda.

Koma ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso. Nthawi ina ndinkapita ku Dar es Salaam kukatenga zovala ku Kariakoo ndisanabwerere ku tomato. Kumene kuja kuli mabasi omwe amawatchula kuti mwendokasi, anayamba mu 2016, amachoka ku Kimara mpaka ku Kivukoni. Chinsinsi chake sikuti ndi basi yokongola ayi. Anawapatsa msewu wawo pakati, galimoto ina iliyonse siiloledwa kulowamo, ndiye magalimoto ena ataima pa jamu basi ikungodutsa. Umalipiriratu pasiteji usanakwere ndiye palibe zokangana za chenji pachitseko. Amadzaza koopsa, nthawi zina umadikira ndithu chifukwa mabasi ndi ochepa poyerekeza ndi anthu, sindikunama, koma ukangokwera wafika. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za Seke Road yathu, mmene iliri yotakata ndi malo mmbali, ndinati kodi chingalephereke nchani kupatula mzere umodzi wa mabasi okha kuchoka ku Makoni mpaka pa renki ya Charge Office mtauni? Poyamba olo ndi penti ndi apolisi oyang'anira mmawa ndi madzulo basi.

China chomwe abambo simuchiona. Marenki athu alibe ulemu kwa munthu wamkazi. Zimbudzi zosagwira kapena zotseka, magetsi kulibe, denga lothawirapo mvula linatha kalekale, anyamata oitanira ena amakugwira dzanja kukukokera ku kombi yawo, mtsikana akavala mmene iwo sakufunira amamuimbira miluzu ndi kumutukwana. Mwana wanga wamkazi amaphunzira mtauni, tsiku lililonse mtima wanga umakhala mmwamba mpaka alowe pakhomo. A Phiri, inu mukuoneka munthu waulemu, muziwalangiza anyamata anuwo. Ndipo za katundu, dengu limodzi la tomato mumalipiritsa ngati munthu, mabasi akulu akale anali ndi kariya pamwamba, amene akugula mabasi atsopano aziganizira kuti ena timayenda ndi mitolo.

Chisale_Tafara

Ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti aliyense wagwira mbali yake ya njovu imodzimodzi. Ine ndine wamng'ono pa nonse, ndinabadwira ku Tafara, ndimagwira ntchito yojambula mapulani a nyumba ndiye nkhani za mizinda ndimazitsatira. Anti a Nabanda, yankho langa pa funso lanu ndi lakuti mabasi ndi ochepadi, koma kuwonjezera mabasi popanda kusintha china chilichonse kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wobooka.

Taonani chiwerengero. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni mchigawo cha Harare, Chitungwiza yokha oposa 370,000, Epworth oposa 200,000. Onjezani a ku Ruwa, Norton ndi Domboshava omwe sali mchigawochi koma amagwira ntchito muno. Ndiye pali malo atsopano ngati Hopley, Southlea Park, Stoneridge, Caledonia, komwe nyumba zinamangidwa msewu wa tala usanafike. Basi yaikulu singalowe mmatope amenewo, ndiye kumeneko Probox ndi mfumu, osati chifukwa anthu amaikonda. Mzinda ukukulira mmbali, anthu akupita kutali, koma onse akuyenerabe kudzera pa kabokosi kamodzi kaja ka pakati pa Rotten Row ndi Fourth Street.

Ndipo kabokosiko sungakakulitse. Chigawo cha ku Kopje ndi Robert Mugabe Road ndi komwe mzinda unayambira, kuli nyumba zakale ngati Market Hall ija ya mzaka za mma 1890 yomwe ili pa Market Square pomwe mumatsikira, ambiri timaidutsa osaiyang'ana nkomwe. Sitingagwetse zimenezo kuti tikuze misewu, ndipo olo titagwetsa, magalimoto a ex-Japan akubwera tsiku ndi tsiku, msewu watsopano umadzaza chaka chisanathe. Trabablas Interchange pomwe panali raundabauti ya Mbudzi yathandiza malole ndi mabasi a ku Beitbridge ndi Masvingo, zoona, koma galimoto zomwe zadutsa msanga pamenepo zikukaunjikana kutsogolo polowa mtauni.

Masamu ake ndi osavuta. Kombi imanyamula anthu 18, basi yaikulu imodzi imanyamula za makombi atatu kapena anayi, ndipo Honda Fit olo aipanikize bwanji ndi anthu 6 kapena 7. Koma basi ikaima pa jamu limodzi ndi aliyense, imapanga ulendo umodzi kapena iwiri nthawi ya mmawa yonse, ndiye olo mugule 500 zidzaoneka zochepa. Mukaipatsa mzere wake monga anenera mayi a ku St Mary's, basi yomweyo ipanga maulendo anayi, zili ngati mwagula mabasi ena osatulutsa ndalama. Ine ndikanayambira pa misewu inayi yokha, Seke Road, Simon Mazorodze, Bulawayo Road ndi Mutare Road, mabasi akulu aziyenda mmenemo mphindi zingapo zilizonse osadikira kudzaza, makombi a a Phiri azitenga anthu mkati mwa malokeshoni kuwabweretsa ku msewu waukulu. Maulendo afupiafupi, mafuta ochepa, jamu kulibe, ndipo azilipidwa potengera makilomita omwe ayenda osati mitu ya anthu, apo ndiye kuthamanga kutha.

Chachiwiri ndi njira zodutsa mmbali. Anthu ambiri omwe amadzaza pa marenki a Copacabana ndi Market Square alibe chochita mtauni, akungosintha galimoto ngati inuyo anti. Harare Drive anaijambula kuti izungulire mzinda koma sinalumikizike yonse. Olo zili choncho, zigawo zomwe zilipo ndi High Glen Road zikanatha kunyamula mabasi ochoka kumadzulo kupita ku Marlborough ndi Borrowdale, kapena ochoka kwathu ku Mabvuku ndi Tafara kupita kumpoto, osaponda mtauni. Mayi anga anagwira ntchito ku Chisipite zaka zambiri, pamapu ndi pafupi ndi kwathu, koma masiku ambiri ankayenda wapansi mtunda wautali chifukwa galimoto yolunjika yodalirika kunalibe.

Chimene chimandidetsa nkhawa nchakuti udindo unamwazikana. Marenki ndi njira ndi za khonsolo, malayisensi ndi a unduna wa zamtengatenga, ZUPCO ndi ya boma, ndalama za misewu zimadzera ku bungwe la ZINARA, Chitungwiza, Ruwa ndi Epworth ali ndi makhonsolo awoawo. Pakufunika ofesi imodzi yoyang'anira mayendedwe a dera lonseli, yoti ikalephera tidziwe kuti tikafunse ndani.

Madala_aMufakose

Chisale mdzukulu wanga, za makilomitazo ndagwirizana nazo, ndi mmene zinalili kale kungoti kampani inali imodzi. Koma pa njira zako zinayizo uwonjezepo njanji, ilipo kale, siifuna kugwetsa nyumba ya munthu. Vuto la sitima za 2021 linali lakuti zinkayenda mmawa ndi madzulo okha, ukaiphonya basi. Munthu wa shifiti sangadalire zotero. Ndipo usaiwale njinga, Mufakose mpaka ku Workington ndi pafupi, ine ndinapalasa zaka zambiri, lero sindingamulole mdzukulu wanga chifukwa tinjira ta njinga tomwe tinali mmbali mwa misewu tinakwiririka, pena pamangidwa matebulo a malonda.

Dalaivala_Phiri_Glenview

A Chisale nzeru zanuzo nzabwino koma mundiuze, mwini kombi amene anazolowera kulandira ndalama mmanja madzulo aliwonse adzavomera kudikira kumapeto kwa mwezi? Ambiri omwe analowetsa makombi awo mu dongosolo lija la 2020 anatulukamo chifukwa malipiro ankachedwa ndipo pofika ankakhala atatha mphamvu. Amene analumidwapo ndi njoka amaopa ndi chingwe chomwe. Pokhapokha ndalamayo izilowa sabata iliyonse mosaphonya ndipo ikhale ya madola, apo mwina. Komanso anyamata a parenki omwe amadya pamenepo ndi ambiri ndipo ena ali ndi akuluakulu kumbuyo kwawo, sadzangochoka chifukwa mwajambula mapu. Muwapezere chochita, ena akhale ogulitsa makadi, ena oyang'anira mizere, avale yunifolomu azilandira malipiro.

Mayi a ku St Mary's, za anyamatawo ndamva. Hwindi wanga ndinamuuza tsiku loyamba kuti akadzatukwana mzimayi atsike pomwepo. Koma ndi kombi imodzi mwa zambirimbiri.

Nabanda_wakuBudiriro

Zikomo nonse, Madala zikomo kwambiri, mwandikumbutsa bambo anga, nawonso anali ndi njinga yakuda ya kariya yomwe ankapitira ku Southerton. Ndawerenga kawiri zomwe mwalemba achimwene a Chisale za High Glen ndi Harare Drive. Pa Fourth Street mmawa timakhala azimayi ambiri a ku Budiriro, Glen View ndi Mufakose omwe tonse tikupita ku Borrowdale, timadziwana nkhope, ena timasungirana malo pamzere. Mawa ndiyamba kuwafunsa mmodzimmodzi kuti amachokera kuti ndipo amalowa nthawi yanji, ndilembe mkabuku. Tikakwana anthu odzaza makombi awiri kapena atatu, a Phiri mungatithandize kulankhula ndi a bungwe lanu kuti atipatse yolunjika ya 5:30 mmawa ndi ina yobwerera 5 madzulo? Tikhoza kumalipira pasabata kuti mwini wake asaope kubwerera opanda anthu.

Dalaivala_Phiri_Glenview

Lembani mainawo kaye achemwali, mukafika 36 mundiuze. Pafunika route authority ya njira imeneyo apo ayi tizingogwidwa panjira, ndiye Loweruka ndikafunsa kuofesi ya bungwe kuti zimatenga masiku angati komanso ndalama zingati. Muwafunsenso ngati ena amagwira Loweruka, chifukwa mwini kombi adzafunsa zimenezo poyamba.